Siliva wa m'masokosi ndi m'mafyuluta akalowa mumtsinje amakathera kuti?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi nyanja. Mwana wina anabwera m'kalasi ndi masokosi a pakaunjika, pachipepala chake atalemba kuti muli tinjere ta siliva topha majeremusi. Kunyumba kwathunso timasefera madzi mu fyuluta yadothi imene akuti anaipaka siliva. Ana andifunsa kuti siliva ameneyu akakokoloka n'kulowa mumtsinje kapena m'nyanja, amapitiriza kupha zamoyo kapena amatha mphamvu? Nanga ndingawaonetse bwanji zimenezi m'kalasi?

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo afunsa bwino. Siliva akalowa m'madzi satha, pakuti ndi chitsulo, sawola. Komanso sakhala mmene analowera. Pakapita maola kapena masiku ochepa kanjere kaja kamakhala katasintha: kasungunuka pang'ono, kakutidwa ndi chinthu china, kapena kamatirira ku dothi n'kumira. Choncho kuopsa kwake kumadalira zimene kakumana nazo panjira. Pali zinthu ziwiri zimene zimalimbirana siliva ameneyu, okosijeni ndi sulufule. Okosijeni amamasula mphamvu yake yakupha, sulufule amaimanga. Mchere, dzuwa, dothi ndi zowolerana za m'madzi zimangothandizira mbali iyi kapena iyo.

Tinjere tikunenati n'tating'ono kuyambira nanomita 1 kufika 100. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita, ndipo tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi nanomita 80,000. Kuchepa kumeneku ndi kumene kumabweretsa nkhani yonse. Mukaumba galamu imodzi ya siliva kukhala kampira kamodzi, kunja kwake kumene kungakhudzane ndi madzi n'kokwana pafupifupi sikweya sentimita imodzi. Galamu yomweyo mukaigawa kukhala tinjere ta nanomita 10, malo okhudzana ndi madzi amaposa masikweya mita 50. N'chimodzimodzi mchere wosinja ndi wamibulu: wosinja umasungunuka msanga mu ndiwo. N'chifukwa chake mphete yasiliva ikhoza kukhala mumtsinje zaka zambiri osaoneka kutha, pamene tinjereti timayamba kusintha tsiku lomwelo.

Kusintha koyamba ndi kusungunuka. Okosijeni wa m'madzi amalanda ma elekitironi ku ma atomu a siliva amene ali kunja kwa kanjere, ndipo ma atomuwo amachoka ali ma ayoni, Ag+. Jingyu Liu ndi Robert Hurt a ku Brown University anaonetsa mu 2010 kuti pamafunika zinthu ziwiri pamodzi, okosijeni ndi kaasidi pang'ono. Madzi akakhala ofunda, a pH yotsika (kutanthauza aasidi), tinjere tili tating'ono kwambiri, kusungunukako kumafulumira. Mukachotsa okosijeni kumaima. Patapita zaka ziwiri, gulu la Pedro Alvarez ku Rice University linapanga tinjere ta siliva m'malo opanda mpweya n'kutiyesa pa mabakiteriya momwemo, ndipo mabakiteriyawo sanafe. Tinjere tomweto titakhudzana ndi mpweya, anayamba kufa molingana ndi kuchuluka kwa ma ayoni amene anatuluka. Kwa mabakiteriya, wakupha weniweni ndi ayoni. Kanjere kamangowatulutsa pang'onopang'ono, ndipo pena kamawafikitsa pafupi penipeni ndi khungu la kachilombo, kapena m'mimba mwa kanyama kamene kakameza.

Ayoni wa siliva amakonda kwambiri sulufule, ndipo mapuloteni ambiri m'thupi la chamoyo ali ndi sulufule pamalo pamene amagwirira ntchito. Siliva akamatirira pamenepo puloteniyo amafooka. Mwa nsomba za m'madzi opanda mchere vuto limakhala m'makha, mmene nsomba imapumira. M'menemo muli timapampu timene timakoka sodiyamu ndi kloraidi kuchokera m'madzi kulowetsa m'magazi. Siliva amatseka timapamputi, magazi amataya mchere, n'kulimba, mtima n'kulephera. Chris Wood wa ku McMaster University ku Canada anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri, nkhani ya tinjere isanatchuke n'komwe. Tinyama ting'onoting'ono toyandama m'madzi, monga totchedwa Daphnia, ndiye sitichedwa: m'madzi oyera a mu labotale tikhoza kufa ndi siliva wosakwana maikulogalamu imodzi pa lita. Munthu amapirira kwambiri poyerekeza ndi zimenezi. Bungwe la WHO limati madzi akumwa a miligalamu 0.1 pa lita munthu angamwe popanda vuto, ndipo mlingo umenewu ukuposa kambirimbiri umene umapha tinyama tija. Amene amamwa dala madzi a siliva ngati mankhwala kwa nthawi yaitali amadwala matenda otchedwa argyria, khungu limasanduka lotuwa mobiriwira ndipo silibwereranso. Muwauze ana anu asadzayese, ngakhale wogulitsa atanena zokoma chotani.

Tsono chikondi chomwecho cha siliva pa sulufule ndi chimene chimapulumutsa mtsinje. Kulikonse kumene zinthu zikuwola popanda mpweya, m'matope akuda a padambo, pansi pa dziwe, m'chimbudzi, m'mapaipi a suweji, mabakiteriya amapanga salufaidi, amene amamveka fungo la mazira ovunda. Siliva akakumana naye amasanduka siliva salufaidi, Ag2S, chinthu chakuda chimene mumachiona pa ndolo kapena tcheni chasiliva chikada. Chinthu chimenechi chili m'gulu la zosasungunuka kwambiri zimene timazidziwa m'kemisitiri. Inu amene mumadziwa za Ksp, nambala imene imachepa chinthu chikakhala chovuta kusungunuka, yake ili cha pa 10 kumphamvu ya -50, pamene ya siliva kloraidi, amene timamuti sasungunuka, ili cha pa 10 kumphamvu ya -10. Clément Levard, Gregory Lowry ndi Gordon Brown anaonetsa pakati pa 2011 ndi 2013 kuti sipafunika kuti kanjere konse kasanduke. Ngakhale kachigawo kochepa kakasanduka salufaidi, ma ayoni otuluka amachepa kwambiri, ndipo kuopsa kwake pa nsomba, nyongolotsi ndi zomera za m'madzi kumatsika.

Izi zinaonekeranso kunja kwa labotale. Mu 2010 Bojeong Kim ndi Michael Hochella a ku Virginia Tech anapima matope otsala pamalo oyeretsera suweji mumzinda wina ku America, ndipo anapeza tinjere ta siliva salufaidi ta nanomita 5 mpaka 20. Chaka chotsatira Ralf Kaegi ndi anzake a ku Eawag, bungwe lofufuza za madzi ku Switzerland, anathira tinjere ta siliva m'makina oyeserera kuyeretsa suweji. M'thanki yopanda mpweya tambiri tinasanduka salufaidi m'maola ochepa, ndipo siliva pafupifupi magawo 90 pa 100 anatsalira m'matope osapitirira kumtsinje. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ambiri a ku Ulaya anayamba kuona kuti nkhawa ya poyamba ija inali yopitirira muyezo. Mawerengedwe awo amaonetsa kuti m'mitsinje ya kumeneko siliva wa tinjere amakhala wa ma nanogalamu ochepa pa lita, kapena kucheperapo.

Apa ndi pamene ndimafuna kuti muimepo ndi ana anu, chifukwa chitonthozo chimenechi chagona pa paipi. Ku Zurich madzi ochapira amachoka m'makina, n'kuyenda m'mapaipi a suweji odzaza salufaidi, n'kudutsa m'mathanki, kenako n'kufika kumtsinje siliva atamangidwa kale. Kwathu kuno mabanja ambiri sali pa suweji. Madzi ochapira amatayidwa pabwalo, m'ngalande, kapena zovala zimachapidwira mumtsinje ndi m'mphepete mwa nyanja mwenimwenimo. Siliva wotuluka pamenepo amalowa m'madzi a okosijeni wambiri asanakumane ndi salufaidi. Amene amatsira madzi ochapira m'dzenje kapena m'chimbudzi chokumba, mosadziwa akuchita zimene makina a ku Switzerland aja amachita.

Za masokosi zinayesedwa ndithu. Mu 2008 Troy Benn ndi Paul Westerhoff a ku Arizona State University anagula mitundu 6 ya masokosi otere n'kuwachapa m'madzi okhaokha. Ena anataya pafupifupi siliva wawo yense atachapidwa kanayi, ena sanatulutse kanthu kwenikweni. Kusiyanako kunali pa mmene siliva anamulowetsera mu ulusi. Ndiye sokosi ya pakaunjika imene inavalidwa kale n'kuchapidwa kambiri, mwina siliva wake anatsala kutsidya kwa nyanja, kuno kwangobwera dzina. Gulu la Bernd Nowack ku Switzerland linapeza mu 2009 kuti pochapa ndi sopo siliva wambiri amachoka ngati tizidutswa tokulirapo, tothothoka chifukwa cha kupikitcha, osati ngati ma ayoni, popeza sopo amakweza pH ndipo kusungunuka kumachepa. Mankhwala oyeretsa zovala monga jiki amachita zosiyana, amadya siliva msanga. Munthu wopikitcha pamwala ndiye kuti akuthothola tizidutswa tambiri.

Kanjere kakafika mumtsinje sikayenda kokha nthawi yaitali. Opanga amakuta tinjereti ndi zinthu monga citrate (mchere wa asidi wa m'mandimu) kapena PVP (mtundu wa pulasitiki wosungunuka m'madzi) kuti tisagwirane tili m'botolo. Citrate amagwira ntchito popatsa tinjere tonse chaji yofanana kuti tizikankhana, koma kashiamu ndi maginiziyamu wa m'madzi amafooketsa chaji imeneyo, tinjere n'kuundana. PVP amapirira kuposa pamenepo chifukwa ndi ulusi wautali umene umatchinga. Komabe mumtsinje weniweni tinjere ta siliva n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi tinthu ta dothi, ndere ndi zinyalala zoyandama, moti kanjere kamayamba kagundana ndi dothi kasanakumane ndi kanzake. M'nyengo ya dzinja, mitsinje itafiira ndi dothi lokokoloka m'minda, siliva wambiri amamatirira pamenepo n'kukamira kumene madzi adekha.

Zowolerana za zomera, zimene zimapangitsa madzi a m'dambo kuoneka ngati tiyi, zimasokoneza nkhaniyi mbali zonse ziwiri. Zimakuta kanjere n'kukalepheretsa kuundana, choncho kamayandama nthawi yaitali n'kupita kutali. Koma zimachedwetsanso kusungunuka, ndipo zimagwira ma ayoni otuluka aja kuti asafike m'makha a nsomba. Siliva amafika patali, koma atafooka. Dzuwa likawala pa madzi oterewa pamachitikanso chinthu chodabwitsa: zowoleranazo zimabwezera ma elekitironi kwa ma ayoni, n'kupanganso tinjere tatsopano ta siliva. Ofufuza a ku America anaonetsa mu 2011 kuti zowoleranazo zimatha kupanga tinjere totere, a ku Beijing anatsimikiza mu 2012 ndi madzi a mumtsinje pa dzuwa. Ndiye kuti munthu akapeza kanjere ka siliva mumtsinje sangalumbire kuti kachokera kufakitale. Kakhoza kukhala kobadwira momwemo.

Mchere uli ndi khalidwe lakelake. Kloraidi akakhala wochepa, monga m'mitsinje yambiri, amapanga chikhungu choyera cha siliva kloraidi pa kanjere, ndipo kusungunuka kumachedwa. Akachuluka, monga m'nyanja zamchere mmene lita imodzi imakhala ndi magalamu pafupifupi 19 a kloraidi, ma kloraidi awiri kapena atatu amagwira siliva mmodzi n'kupanga chinthu chosungunuka. Siliva amabwereranso m'madzi, ndipo nkhono ndi tinyama ta m'nyanja timamuyamwa mosavuta. Ku San Francisco Bay zimenezi zinaoneka kale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nthawi imene zithunzi zinkatsukidwa ndi mankhwala a siliva. Samuel Luoma ndi anzake a ku U.S. Geological Survey anatsatira nkhono za m'matope a kufupi ndi Palo Alto kwa zaka zambiri. Pamene siliva ndi kopa zinali zochuluka nkhonozo zinkalephera kuswana, ndipo zinayambiranso pamene zitsulozo zinachepetsedwa m'madzi otayidwa. Amenewo sanali masokosi, koma chitsulo chake n'chomwechi.

Kafukufuku amene ine ndimamudalira kuposa onse ndi wa nyanja yathunthu. Kumpoto chakumadzulo kwa Ontario, ku Canada, kuli malo otchedwa Experimental Lakes Area, kumene amapatula tinyanja tina kuti tiziyeserapo. Mu 2014 ndi 2015 gulu lotsogoleredwa ndi a ku Trent University linathira makilogalamu 15 a tinjere ta siliva tokutidwa ndi PVP mu Lake 222, kanyanja ka mahekitala pafupifupi 16. Siliva anafalikira m'nyanja monse, kufika ma maikulogalamu angapo pa lita, mlingo woposa kutalitali wa m'mitsinje ya ku Ulaya. Wosungunuka anali wochepa kwambiri, ndipo ndere ndi mabakiteriya sizinasinthe kwenikweni, zosiyana ndi zimene mabotolo a mu labotale ankalosera. Atasiya kuthira, siliva wa m'madzi anatsika msanga n'kukakhala m'matope. Koma nsomba zinanena zina. Siliva anaunjikana m'chiwindi cha nsomba zotchedwa yellow perch ndi northern pike, ma perch anachepa, ndipo kakulidwe ka ma pike kanabwerera m'mbuyo. Palibe nsomba zimene zinayandama zitafa tsiku limodzi. Vuto linabwera mwakachetechete, kudzera m'chakudya ndi m'mphamvu zimene thupi limawononga polimbana ndi chitsulo.

Zofanana nazo zinaoneka m'madambo oyeserera a ku Duke University. Patatha miyezi 18 siliva wambiri anali m'dothi ndi m'matope, woposa theka atasanduka salufaidi, komabe ena anapezeka m'zomera, m'mphutsi za m'matope ndi m'tinsomba. Salufaidi amachepetsa vuto, salifafaniza. Nyongolotsi ndi mphutsi zimadya matopewo, nsomba zimadya mphutsi. Ndiponso siliva salufaidi akhoza kumasulidwa: klorini ndi ozoni zimamuphwanya, ndipo matope a suweji akawotchedwa amabwerera kukhala siliva wachitsulo. Kumene matopewo amathiridwa m'minda ngati manyowa, siliva amasamukira m'nthaka.

Malamulo omwewa mukhoza kuwayesa ndi ana pa nyanja zathu. Nyanja ya Malawi pamwamba pake madzi ndi oyera, ofunda, a okosijeni wambiri, ndipo dzuwa limalowa patali. Kufunda ndi okosijeni zimathandiza kusungunuka, koma pH yake yoposa 8 imachedwetsa. Kupitirira mamita pafupifupi 250 kupita pansi kulibe okosijeni chaka chonse, choncho kanjere kofika kumeneko sikangatulutsenso ma ayoni mwa njira ija. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, yamatope, yamchere pang'ono, ndipo ilibe mtsinje wotuluka. Kumeneko tinjere tingaundane n'kumira msanga, koma cholowa sichituluka. Malo ofunika kuwaganizira kwambiri si pakati pa nyanja yaikulu, kumene madzi ndi ochuluka zedi, koma timitsinje ta m'tauni m'chilimwe, madoko ochapirapo ndi maiwe a nsomba, kumene madzi ndi ochepa ndipo zotayidwa zimabwera tsiku ndi tsiku.

Maganizo anga ndi akuti sokosi imodzi si chinthu chosowetsa tulo. Siliva wa m'menemo amawerengedwa m'ma miligalamu, ndipo mitsinje yathu ili ndi adani akuluakulu kuposa ameneyu: zonyansa za m'zimbudzi, dothi lokokoloka, mapulasitiki. Koma sindiona chifukwa chothira siliva m'masokosi, m'matawulo ndi m'zoseweretsa ana pofuna kuthetsa fungo limene sopo ndi dzuwa zimathetsa. Pa bandeji ya munthu wopsa ndi moto, ndi pa fyuluta yanuyo, phindu lake ndi looneka.

Fyuluta yadothi yopakidwa siliva anaiyambitsa Fernando Mazariegos ku Guatemala mu 1981, ndipo bungwe la Potters for Peace linaifalitsa m'maiko ambiri. Ntchito yaikulu amagwira ndi timabowo ta m'dothi lowotcha, siliva amathandiza kupha mabakiteriya ndi kuletsa kuti asamere m'kati mwa mphikawo. Siliva wotuluka mu fyuluta amakhala makamaka ma ayoni, ndipo amachuluka masiku oyamba, n'chifukwa chake amalangiza kutaya madzi oyamba kusefedwa kangapo musanayambe kumwa. Madzi amenewo atayeni padothi kapena m'dzenje, osati m'dziwe la nsomba. Musathire madzi a klorini mumphika wadothiwo, ndiponso musautsuke ndi jiki, chifukwa klorini amachotsa siliva msanga. Ngati mukufuna kuthira WaterGuard, thirani m'ndowa ya madzi osefedwa kale.

M'kalasi simungathe kuonetsa tinjereto, chifukwa kutiwerenga kumafuna makina monga ICP-MS, opimira zitsulo zochepetsetsa m'madzi, ndi maikulosikopu ya ma elekitironi. Koma kusintha kwake kungaoneke ndi maso. Ngati mu labotale yanu muli siliva naitireti, thirani madontho ochepa m'madzi a mchere pang'ono, monga mumachitira poyesa kloraidi. Mtambo woyera umene ukubwerawo ndi siliva kloraidi. Gawani patatu. Gawo lina ikani padzuwa, lina m'kabati, ndipo la padzuwa lidzada mofiirira chifukwa kuwala kukubweza siliva kukhala tinthu ting'onoting'ono tachitsulo. M'gawo lachitatu, lochepa kwambiri, thirani madzi amene mwasungunulamo mchere mpaka kukana, ndipo mtambowo udzachepa kapena kutha: ndi zimene zimachitika m'nyanja yamchere. Ana avale magolovesi, siliva naitireti amadetsa khungu kwa masiku angapo, ndipo zotsala muzisunge m'botolo, musatsire m'sinki.

Za sulufule, phwanyani dzira lophika kwambiri likadali lotentha, muliike m'jumbo limodzi ndi ndolo kapena kandalama kasiliva weniweni, mumange. Pakapita ola limodzi kapena angapo chitsulocho chidzayamba chikasu, kenako kuda. Kuti muonetse kuti siliva sanapite kulikonse, yalani pepala la aluminiyamu m'mbale, ikanipo ndoloyo moti ikhudzane nalo, thirani madzi otentha ndi supuni ya soda. Aluminiyamu amapereka ma elekitironi, kuda kuja kumachoka, ndipo ana amene ali pafupi adzamva kafungo ka mazira ovunda sulufule akuchoka.